Kujambula dzuwa likutuluka pa Nyanja ya Malawi: fikani kudakali chisisira

Mlamu wanga atabwera kudzacheza kuno ku Salima, anandipempha kuti ndimuperekeze ku Senga Bay akajambule dzuwa likutuluka, apeze chithunzi chokapachika pabalaza. Ndinamuuza kuti tinyamuke 4 koloko. Iye anati, "Aa alamu, dzuwa likuthawira kuti?" Tinafika kugombe litakwera kale pamwamba pa mapiri a tsidya lija, ndipo zithunzi zake zonse zinatuluka zoyera mbuu kumwamba, pansi zakuda bii. Foni yake inali yabwino kuposa yanga. Chimene chinamusowa ndi mphindi 40 zomwe anagona.

Kuno kwathu m'bandakucha sukhalitsa. Kuyambira pamene kum'mawa kwafiira bwino mpaka dzuwa kusuzumira, pamadutsa mphindi 20 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo dzuwalo likangoonetsa mutu, sipatha mphindi zitatu lonse lisanatuluke. Mitundu imene imakopa anthu, yofiirira, yachikasu, ina yonga maluwa a mbatata, imabwera dzuwa lisanaoneke. Likatuluka zimene mwatsala nazo ndi kuwala kothobwa m'maso. Choncho dziwani nthawi yake: ku Salima mu Novembala limatuluka 5 koloko itangodutsa pang'ono, pamene mu Juni ndi Julaye limadikira mpaka 6 koloko itakwana. Foni iliyonse yoonetsa zanyengo imakuuzani nthawi ya tsikulo. Chotsanipo mphindi 45, imeneyo ndiyo nthawi yoti mukhale mutaima kale pamchenga, osati yodzukira.

Gombenso musankhe loyang'ana kum'mawa. Senga Bay, Nkhotakota, Chintheche, Nkhata Bay ndi Karonga onse ali kumadzulo kwa nyanja, ndiye dzuwa limatulukira mbali ya kumadzi. Ku Chembe, ku Cape Maclear, n'kosiyana: mudziwo unayang'ana chakumadzulo ndipo kumbuyo kwake kuli mapiri, kotero kumeneko muzipita ndi cholinga cha dzuwa lolowa. Komanso dzuwa silitulukira malo amodzi chaka chonse. Mu Juni limapendekera kumpoto, mu Disembala kummwera, kusiyana kwake n'kwakukulu moti mtengo umene munauika pafupi ndi dzuwa nthawi yozizira mudzaupeza uli kutali nalo nthawi ya dzinja. Ine ndimapita madzulo a dzulo lake kukayendera malo kudakali kowala, n'kuona pamene pali miyala, bango, mabwato ogonekedwa, ndi njira yoti ndidzadutse mumdima.

Tsopano nkhani imene ndimaiona kuti ndi yaikulu kuposa zonse. Oyamba kumene amaloza kamera padzuwa, dzuwalo n'kuliika pakatikati, n'kudina. Chimatuluka ndi kadontho kowala pamwamba pa madzi, chithunzi choti munthu sangadziwe ngati ndi Nkhotakota kapena nyanja ya dziko lina. Dzuwa ndi nyali chabe, funso n'lakuti likuunikira chiyani. Pezani chinthu choti chikhale kutsogolo: mphuno ya bwato, nkhafi yozikidwa mumchenga, thandala loyanikapo usipa, mwala wonyowa, nthambi ya mtengo yolendewera pamadzi. Ku Senga Bay kachilumba ka Namalenje kamathandiza kwambiri, chifukwa kamapatsa diso popumira pakati pa gombe ndi thambo. Mukapeza chinthucho, gwadani. Ndikunena kugwada kwenikweni, foni ifike m'mawondo kapena kutsika kuposa apo. Mukatero mchenga umene funde langounyowetsa umasanduka kalilole, mitundu yonse ya kumwamba n'kuonekeranso pansi, ndipo bwato limene mukanaliona ngati kachikuni limakula n'kudzaza chithunzi.

Nthawi imeneyi ndi imenenso asodzi a usipa amabwerera. Usiku amakhala ali pakati ndi nyali zawo zokopera nsomba ku ukonde wa chilimira, ndipo mukafika kudakali mdima mudzaona nyalizo zitandandalika patali ngati mudzi woyandama. Zijambuleni kum'mawa kukangoyamba kuyera, nyali zisanazimitsidwe. Kenako mabwato amayamba kulowa limodzilimodzi, amayi ogula nsomba atafika kale ndi mabeseni. Apa m'pamene pali zithunzi zenizeni za nyanja yathu. Koma anthuwa ali pantchito, ena sanagone usiku wonse, ena abwerako chimanjamanja. Perekani moni kaye, "Mwadzuka bwanji achimwene, mwayendako bwanji?", nenani chimene mwadzera, pemphani. Akakana, thokozani n'kusuntha. Akalola, aonetseni chithunzicho mukatha, ndipo ngati ali ndi WhatsApp atumizireni. Chinanso chosafunika kukambirana: m'mawa anthu amasamba kunyanja, amayi amachapa ndi kutsuka mbale. Kumene kukusambidwa kamera isayang'aneko n'komwe, ngakhale kuwala kutakoma chotani.

Za makina ake sizovuta monga anthu amaopera. Pa foni, yambani mwapukuta galasi la kamera ndi kansalu kofewa, chifukwa mafuta a zala amachititsa kuwala kumwazika ngati chifunga. Tsegulani timizere tija totchedwa grid, tikuthandizeni kuwongola mzere umene madzi amakumana ndi thambo. Madzi sapendekeka, ndiye mzerewo ukapendekeka ngakhale pang'ono, aliyense amaona kuti nyanja ikukhuthukira mbali imodzi. Musaudutsitse pakati pa chithunzi nthawi zonse: kumwamba kukakhala mitambo yokongola utsitseni, kukakhala kopanda kanthu ukwezeni kuti madzi ndi gombe zitenge malo ambiri. Kenako gusani pa sikirini pamene thambo lawala, ndipo kachizindikiro ka dzuwa kakaoneka kakokereni pansi mpaka mitundu ikhwime. Foni payokha imafuna kuwalitsa chilichonse, n'chifukwa chake imatsuka kufiira konse kuja. Mukaichepetsera kuwala, msodzi ndi bwato lake amada n'kutsala chithunzithunzi chokha, ndipo nthawi zambiri chimenecho n'chimene chimakoma. Ingoonetsetsani kuti mutu wake ndi nkhafi zili pamalo owala, zisaphatikane ndi phiri lakuda la kumbuyo. Kukoka chithunzi ndi zala kuti chiyandikire kusiyeni, kumangochiphwanya. Yendani ndi miyendo.

Amene muli ndi kamera yosintha magalasi, ikani ISO (mlingo wa mmene kamera imamvera kuwala) pa 100, kabowo kolowera kuwala pa f/8 kapena f/11, ndipo jambulani mu RAW ngati ilipo, kuti mudzathe kuwalitsa malo akuda pambuyo pake. White balance, imene imakonza mitundu, muichotse pa Auto n'kuiika pa Daylight kapena Cloudy, apo ayi kamera idzayesa "kukonza" kufiira kumene inu mwadzukira. Kudakali chisisira shutter, chitseko cholowetsa kuwala mu kamera, imatseguka nthawi yaitali, mwina sekondi yathunthu kapena kuposa, ndipo dzanja la munthu silingakhale chete motero. Tripod, choimikapo kamera cha miyendo itatu, ndi yabwino, koma ine ndinagwira ntchito nthawi yaitali ndi sokosi yodzaza mpunga, yomanga kukamwa, n'kuiika pamwala kapena pabwato logonekedwa, kamera n'kukhazika pamwamba pake. Tcherani timer ya masekondi awiri kuti chala chanu chisagwedeze kanthu. Kutseguka kwa nthawi yaitaliko kumasalaza mafunde, madzi n'kuoneka ngati utsi, koma bwato loyenda limafufutika. Mukafuna bwato lioneke lakuthwa, kwezani ISO kufika 400 kapena 800 kuti shutter ifike 1/250 ya sekondi. Ndipo dzuwa likatuluka musaliyang'ane kudzera pa kabowo koonera muli ndi galasi lokokera zakutali, maso amapsa. Gwiritsani ntchito sikirini.

Nyengo iliyonse ili ndi nkhope yake. Miyezi yozizira, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, mwera ukaomba nyanja imakalipa, kalilole wa pamadzi osamuyembekezera, koma mafunde omenya miyala kuwala kukuwabaya kumbuyo ndi chinthu china chokoma. Tengani juzi, kugombe kumazizira kuposa mmene mukuganizira. Mu Seputembala ndi Okutobala mpweya umadzaza utsi wa moto wa m'tchire ndi fumbi, mapiri a tsidya amasowa, ndipo dzuwa limatuluka lofiira psuu, lozungulira bwino, loti kamera imaligwira osathobwa. Imeneyi ndi nthawi yokhayo imene ndimalola dzuwa lenilenilo kukhala mwini chithunzi. Koma ine mtima wanga uli pa dzinja. Mvula ikagwa usiku n'kukata chakum'mawa, mpweya umayera, mitambo imatsala yong'ambikang'ambika, ndipo imayaka kuchokera pansi dzuwa lisanaoneke. Thambo lopanda mtambo ndi limene limagwiritsa mwala ojambula ambiri, ngakhale poyamba amaliona ngati mwayi. Chakumpoto, monga ku Chintheche ndi Nkhata Bay, mukhozanso kukumana ndi nkhungu, tizilombo tija timene timatuluka m'madzi n'kukwera ngati utsi wa sitima yoyaka. Mukaziona patali dzuwa lili kumbuyo kwake, jambulani msanga mphepo isanazimwaze.

Mumdima samalani kumene mukuponda. Pafupi ndi mathiriro a mitsinje ndi m'mabango mumatha kukhala ng'ona, ndipo mvuu zimabwerera m'madzi nthawi yomweyo ya m'bandakucha zikuchokera kodya. Funsani eni dera madzulo, iwo amadziwa malo oyenera kuwapewa. Madzi osayenda a m'bango ndi amenenso mumakhala nkhono za likodzo, ndiye musalowemo pofuna ngodya yabwino. Tochi, nsapato zotseka, ndi kathumba kapulasitiki kotetezera foni ku mchenga n'zokwanira.

Dzuwa likakwera pang'ono musathamangire kunyumba. Tembenukani mulipatse msana. Kwa mphindi 15 kapena 20 kuwala kwake kumakhala kofewa, kwachikasu, ndipo kumagwera pa nkhope za anthu okoka mabwato, pa usipa wonyezimira m'mabeseni, pa mitengo ya kumtunda. Apa mubwezere kuwala kwa foni pamene kunali, chifukwa tsopano mukufuna nkhope zioneke. Mlamu wanga uja titabwererako m'mawa mwake, nthawi ino titanyamuka 4 koloko osatsutsana, chithunzi chimene anakachapitsa n'kupachika chinali cha mbali imeneyi: bambo wina wachikulire akupinda ukonde, madzi akudontha kuchokera m'manja mwake, dzuwa osaonekamo n'komwe.