Musanamange katoni ya mabuku a famase

Katoni yanga yoyamba ndinaimanga ndi mtima wabwino, koma nzeru munalibe. Ndinasesa pashelefu mabuku onse omwe ndinaphunzirira za mankhwala, ena atachita kufiira ndi fumbi, n'kutumiza kusukulu ina ya famase m'dziko lomwe linali litangotuluka m'nkhondo. Patatha miyezi mphunzitsi wa kumeneko anandilembera mwaulemu: zikomo, koma theka la mabukuwo sangayerekeze kupatsa ophunzira. Manyazi ake ndimawamvabe.

Ndiye inu yambani ndi kalata. Funsani woyang'anira laibulale kuti amaphunzitsa m'chilankhulo chanji, kalasi imodzi imakhala ndi anthu angati, ndipo akusowa mabuku ati. Ku Iraq famase amaphunzira m'Chingerezi, koma komwe amaphunzira m'Chifalansa buku lanu lachingerezi lidzangokhala chotsekera chitseko. Funsaninso ngati ali ndi poika. Laibulale yaikulu ya yunivesite ya Mosul, ku Iraq komweko, inatenthedwa nthawi ya zigawenga za ISIS, ndipo inatsegulidwanso mu 2022. Mabuku akafika denga lisanafoleredwe amathera m'chipinda chachinyezi, chuku ndi chiswe n'kugawana.

Posankha m'pamene pagona nkhani. Mabuku a famase sakalamba mofanana. La kemisitiri, la kapangidwe ka thupi la munthu, la masamu owerengera mlingo, ngakhale litatha zaka khumi likadali ndi ntchito, poti mafupa ndi impso sizinasinthe. Koma buku lonena kuti wodwala apatsidwe mankhwala ati, ochuluka bwanji, limaola msanga ngati nsomba yaiwisi. M'mabuku anga aja munali tsamba lofotokoza Vioxx ngati mankhwala abwinobwino opha ululu, chonsecho anachotsedwa pamsika mu 2004 chifukwa choika mtima pachiswe. Ranitidine naye, yemwe tinkapereka tsiku ndi tsiku kwa a zilonda zam'mimba, anachotsedwa ku America mu 2020. Wophunzira yemwe alibe buku lina loyerekeza nalo adzaloweza zimenezo, mawa n'kukaima nazo pawindo loperekera mankhwala.

N'chifukwa chake BNF, buku la ku Britain la mankhwala ndi milingo yake, imatuluka kawiri pachaka, mu Marichi ndi mu Seputembala. Bungwe la Commonwealth Pharmacists Association lakhala likusonkhanitsa makope ake aposachedwa kudzera mu pulogalamu yake ya PharmAid n'kutumiza kumaiko osowa. Ine lamulo langa n'loti buku la milingo likapitirira zaka ziwiri kapena zitatu silikwera katoni. Onaninso ngati likukamba mokwanira za mankhwala a pa mndandanda wa mankhwala ofunikira wa bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, womwe unayamba mu 1977, chifukwa ambiri opezeka m'zipatala za kumeneko ndi amenewo.

China chomwe ndinachimva mochedwa: makope makumi awiri a buku limodzi amaposa mitu makumi awiri yosiyana. Mphunzitsi akati tsegulani tsamba 140, kalasi yonse itsegule. Lang'ambika, losowa masamba, lolembedwalembedwa, lisiyeni.

Mabuku amalemera ngati njerwa, choncho makatoni akhale ang'onoang'ono, mkati muyale pulasitiki. Kupositi funsani ngati akadali ndi M-bag, thumba la zosindikizidwa lopita kwa munthu mmodzi, lofika makilogalamu 30. Akachuluka, kambiranani ndi bungwe lozolowera ntchitoyi ngati Book Aid International la ku London, lomwe linatumizako mabuku ku Mosul, koma dziwani kuti iwo amadalira mabuku atsopano ochokera kwa osindikiza.

Pangano la Florence la mu 1950 limati maiko omwe analisainira asamalipiritse msonkho wa kasitomu pa mabuku. Ngakhale zili choncho padoko pamakhalabe ndalama zosungira ndi zotulutsira katundu, ndipo sukulu yomwe ikumanganso makoma ilibe zimenezo. Lipirani inuyo mpaka pakhomo. Lembani kalata yoti iyi ndi mphatso yosagulitsa, ndipo mndandanda wa mitu ukhale patatu: wina m'katoni, wina mumate kunja, wachitatu mutumize pa imelo katunduyo asananyamuke, kuti wokatenga akakhale nawo m'manja.