Misomali iwiri ndi mita: kuphunzitsa za nyengo ndi manja

Akuluakulu a makalabu a alimi ndi aphunzitsi a ku Chipata, Katete ndi Chadiza, mukaitana achinyamata kudzakamba za kusintha kwa nyengo, musangowakhazika pa benchi kuti amvetsere. Apatseni waya ndi batire agwire okha.

Poyambira tili napo kale. Chilala cha 2024 palibe amene waiwala: chimanga chinauma chisanabereke, ndipo pa 29 February Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse. Madzi atachepa ku Kariba, magetsi ankazima pafupifupi tsiku lathunthu, poti magetsi ambiri a Zambia amachokera ku madzi. Mwana amene ankawerenga ndi tochi ya foni chaka chimenecho, mukamupatsa kasola kakang'ono kuti alumikize ku batire ndi babu, nkhani ya mvula ndi magetsi imamveka yokha. Ayeze mphamvu ya kasolako ndi mita kali ndi fumbi, akapukute, ayezenso.

Koma phunziro limene ndimalikonda kwambiri ndi la misomali. Bwerekani multimeter, mita yoyezera magetsi, kwa wokonza mafoni kapena mawailesi. Sankhani malo awiri oyandikana m'munda, thirani ndowa imodzi ya madzi pamalo aliwonse, kenako pena phimbirani ndi mapesi kapena udzu, pena musiye pambalambanda. Pakapita masiku atatu zikani misomali iwiri yaitali, yotalikirana ngati chikhatho, gwirizitsani mawaya a mita kumisomaliyo, mitayo muiike pa ohms, muyezo wosonyeza mmene chinthu chikukanizira magetsi kudutsa. Dothi lachinyezi limadutsitsa magetsi mosavuta, choncho nambala imatsika, louma imakwera. Kutalikirana ndi kuya kwa misomali kukhale kofanana konsekonse, apo ayi mudzinamiza nokha. Manambalawo alembe ndi ana omwewo, atsikana asamangogwira kope pomwe anyamata agwira mita. Akaona okha kuti mapesi asunga chinyezi, akafika kunyumba ndi iwo amene adzaletse kutentha mapesi m'munda, ndipo makolo amamva msanga za mwana amene wayeza kusiyana ndi za ife alangizi.

Za kasola ndi babu zija chitani ndi batire ya 12 volts kapena yocheperapo; mawaya a ZESCO asakhudzidwe n'komwe. Batire yakufa musaitaye pafupi ndi chitsime kapena m'dimba, mabatire ambiri a 12 volts amakhala ndi mtovu ndi asidi. Isungeni pouma, patali ndi ana, mpaka mupeze ogula mabatire akale.