Kwa inu amene mukuweta nkhosa pa mafamu a kunja

Kapitawo akakupatsani chida chobayira ndi timibulu toika m'khutu mwa ana a nkhosa, musathamangire kubaya. Dziwani kaye kuti n'chiyani, chifukwa dzanja lobayalo ndi lanu.

Timibuluto nthawi zambiri timakhala zeranol, amene ambiri amamudziwa ndi dzina la Ralgro. Amagwira ntchito ngati mahomoni, kuti nkhosa ikule msanga pa chakudya chomwecho. Kambulu kamaikidwa pansi pa khungu kuseri kwa khutu, osati m'nyama, poti khutu limatayidwa kophera. Ku America mlingo wa mwana wa nkhosa ndi mamiligalamu 12, pomwe wa ng'ombe ndi 36, ndipo nkhosa siyenera kuphedwa masiku 40 asanakwane. N'chifukwa chake tsiku lobaya ndi nambala ya nkhosa muzilemba pomwepo, musamadalire mutu. Nkhosa zosungira mbewu musazibaye. Ndipo amene muli ku UK kapena m'maiko a European Union, monga Ireland, dziwani kuti mahomoni okulitsira ziweto ndi oletsedwa. Wina akakutumani kubaya, kanani.

Nkhani ya methionine ndi lysine, amene amathiridwa m'chakudya cha nkhosa, ndi yosiyana. Awa si mahomoni, ndi ma amino acid, tizigawo ta chakudya chomanga thupi, ndipo methionine amathandizanso ubweya chifukwa ali ndi salfa. Vuto lake n'lakuti nkhosa imabzikula. Tizilombo ting'onoting'ono ta m'chifu chake choyamba timaphwanya ma amino acid wamba asanafike m'matumbo, ndalama n'kupita pachabe. Ndiye opanga amawakuta ndi mafuta kapena chinthu china kuti adutse bwinobwino, ndipo pathumba amalemba kuti rumen-protected. Chakudya choterocho musachisinje kapena kuchisiya ponyowa, chokutiracho chingasweke.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kusokoneza matumba. Nkhosa sipirira kopa (copper, mchere wina wopezeka m'chakudya cha ziweto) wambiri: amaunjikana m'chiwindi mwakachetechete, kenako nkhosa n'kuyamba kufa mwadzidzidzi. Chakudya kapena mchere wa ng'ombe ndi nkhumba umakhala ndi kopa wochuluka, musawupatse nkhosa ngakhale zawo zitatha. Yureya, amene ena amathira m'chakudya cha ziweto, nayenso amapha ngati mwathira wambiri kapena simunasakanize bwino.

Mukatha kubaya, muziyang'ana ngati khutu latupa, ngati mphongo ikuvutika kukodza, kapena ngati matumbo atulukira kumbuyo. Mukaona zotere uzani kapitawo tsiku lomwelo aitane dokotala wa ziweto.