Momwe mungachotsere mtovu ndi zitsulo zina zapoizoni m'madzi pogwiritsa ntchito mapolima

Madzi okhala ndi mtovu, cadmium kapena mercury amatha kuoneka oyera mbuu, opanda fungo. Kuwiritsa sikuthandiza: nthunzi imachoka, zitsulo n'kutsala m'madzi ochepawo. Klorini nayenso amangopha tizilombo. Zitsulozi zimakhala zitasungunuka kukhala tizidutswa tosaoneka totchedwa maayoni, ndipo zikalowa m'thupi zimaunjikana. Ku Minamata, dziko la Japan, matenda obwera ndi mercury wochokera ku fakitale anadziwika mu 1956. Ku Flint, America, mtovu wa m'mapaipi akale unalowa m'madzi akumwa kuyambira 2014.

Njira imodzi yozichotsera ndi kudutsitsa madzi m'timikanda ta polima, chinthu chopangidwa ndi tizidutswa tolumikizana ngati unyolo wautali, monga pulasitiki. Pa timikandati pamakhala malo ambirimbiri amene amakoka ayoni wa chitsulo n'kumugwira. Polima sawononga chitsulocho, amangochisunga, ndipo malo akatha amachilola kudutsa. Ntchito yonse yagona pa mfundo imeneyi.

Choyamba, yezetsani madzi

Musagule kanthu musanadziwe chimene chili m'madzimo. Tungani madziwo m'botolo lapulasitiki loyera n'kupita nalo ku labotale yokhala ndi makina oyezera zitsulo a AAS kapena ICP. Akatswiri amadontheza asidi wa nitric m'botolomo mpaka pH (muyeso wa asidi: nambala ikamatsika, asidi akuchuluka) itsike pansi pa 2, kuti zitsulo zisamatirire m'mbali mwa botolo. Zotsatira muzifanizire ndi malire a bungwe la WHO pa lita imodzi ya madzi akumwa: mamaikrogalamu 10 a mtovu, 10 a arsenic, 3 a cadmium, 6 a mercury ndi 50 a chromium. Pemphaninso kuti ayeze pH, calcium ndi magnesium.

Chachiwiri, sankhani polima woyenera

Apa m'pamene ambiri amataya ndalama. Mtovu, cadmium, mkuwa ndi nickel zimayenda m'madzi ngati maayoni a mphamvu ya pozitivu. Izi zimagwidwa bwino ndi alginate, wochokera ku ndere zofiirira za m'nyanja zamchere, kapena chitosan, wopangidwa kuchokera ku zigoba za nkhanu ndi zina zotere. Palinso resin, timikanda ta polima topangidwa m'fakitale. Resin wamba wofewetsa madzi amagwira mtovu ndithu, koma madzi akakhala ndi calcium wambiri, malo ake amadzaza ndi calcium msanga. Resin wa mtundu wa iminodiacetate, monga Chelex 100, amasankha zitsulo zoopsazo n'kusiya calcium wambiri adutse. Ndi wokwera mtengo, koma pa madzi otere ine ndingasankhe ameneyu. Mercury amakonda sulfure, choncho amafuna resin wa thiol, amene ali ndi sulfure.

Arsenic ndi chromium VI n'zosiyana nazo. Chromium VI amayenda ngati ayoni wa negativu, ndipo alginate sangamugwire bwino. Arsenic amafuna resin wolowetsedwa oxide wa ayironi.

Chachitatu, konzani timikanda

Resin wogula amangofunika kumuviika ndi kumutsuka motsatira malangizo a opanga. Ta alginate mukhoza kupanga nokha mu labotale ya pasukulu. Sungunulani magalamu 2 a sodium alginate m'mamililita 100 a madzi oyera a mu labotale, mukutakasa mpaka zibuluma zithe, kenaka musiye thovu lituluke. Mwapadera sungunulani magalamu 2 a calcium chloride m'mamililita 100. Ndi sirinji, donthezani alginate mu calcium chloride dontho limodzi limodzi. Dontho lililonse limauma pompo kukhala kamkanda. Tisiyeni momwemo maola angapo kuti tilimbe mpaka mkati, kenaka titsukeni bwino.

Chitosan amasungunulidwa mu asidi wa acetic wa 1 kapena 2 peresenti n'kudonthezedwa mu sodium hydroxide. Vuto lake n'lakuti amasungunukanso m'madzi a asidi, ndiye amamulimbitsa ndi glutaraldehyde, mankhwala oopsa amene safunika kuwagwira popanda magolovesi, magalasi ndi mpweya wokwanira. Timikanda topanga nokha n'tophunzirira ndi kuyesera madzi otayidwa, osati madzi akumwa.

Chachinayi, sefani matope ndi kukonza pH

Matope amatseka timabowo ta polima, choncho madzi ayambe adutsa mu sefa ya mchenga. Ngati muli klorini, achotsedwe ndi makala osefera, chifukwa amafooketsa resin.

Tsopano pH. Pa mtovu, mkuwa ndi cadmium, ikhale pakati pa 5 ndi 6. Ikatsika kwambiri, maayoni a hydrogen amalanda malo onse pa polima. Ikakwera kupitirira 7, zina mwa zitsulozi zimayamba kudikha zokha pansi, ndipo mudzayamikira polima pa ntchito imene sanagwire. Chromium VI amagwidwa ndi chitosan pa pH ya 2 mpaka 4.

Chachisanu, yambani ndi madzi ochepa

Ikani magalamu 0.1 a polima wouma m'mamililita 100 a madzi, mugwedeze kwa maola 24, musefe, muyezetse. Tiyerekeze kuti madzi anali ndi mamiligalamu 50 a mtovu pa lita, ndipo atsala 10. Ndiye kuti 40 achoka pa lita, amene m'mamililita 100 ndi mamiligalamu 4. Gawani ndi 0.1: galamu imodzi ya polima yagwira mamiligalamu 40. Nambalayo ndi yosangalatsa, koma onani otsalawo. Mamiligalamu 10 pa lita ndi ochuluka ka 1,000 kuposa malire a WHO.

Chachisanu ndi chimodzi, dutsitsani madzi m'paipi

Imikani paipi, ikani kansalu kosefera pansi, mudzaze timikanda tili tonyowa kuti mpweya usatsekeredwe. Madzi aziyenda pang'onopang'ono, azikhala mphindi zingapo ali m'timikanda. Akathamanga amadzipangira njira m'mbali n'kutuluka osagwidwa kanthu.

Yezetsani madzi otuluka kawirikawiri, chifukwa polima wodzaza ndi mtovu sasintha maonekedwe oti mungadalire. Nzeru yabwino n'kulumikiza mapaipi awiri motsatizana. Loyamba likayamba kudutsitsa chitsulo, lachiwiri limachigwira, inu n'kusintha loyambalo. Ogula sefa yapanyumba afufuze chizindikiro cha NSF/ANSI 53 chotchula mtovu, ndipo asapitirire malita olembedwa pa paketi.

Pomaliza, tsukani polima, samalani zotsalira

Asidi wa hydrochloric wosungunulidwa kwambiri amachotsa zitsulo pa polima kuti agwirenso ntchito. Posakaniza, thirani asidi m'madzi, osati madzi mu asidi. Alginate amafewa akatsukidwa chonchi, ndiye muviikeninso mu calcium chloride, ndipo mphamvu yake imatsika ulendo uliwonse.

Asidi wotsukirayo tsopano wanyamula mtovu wonse wa m'malita ambirimbiri. Musamuthire m'ngalande, m'chimbudzi kapena pansi. Thiranimo laimu kuti zitsulo zidikhe ngati matope, muumitse matopewo, muwatsekere m'chigubu cholembedwa bwino pamodzi ndi timikanda totha ntchito, n'kukapereka kwa ovomerezeka kusamala zinyalala zapoizoni. Madzi otsala pamwamba pa matopewo nawonso ayezedwe asanatayidwe.