Kukonza mpikisano wa orienteering m'Chigwa cha Shire nyengo ikakhala yoipa

Pa mpikisano wa orienteering, wothamanga amapatsidwa mapu ndi kampasi n'kuuzidwa kuti apeze yekha njira yofikira pa mbendera zimene zaikidwa m'tchire motsatira manambala ake, ndipo amapambana ndi amene wafika pa mbendera zonse m'nthawi yochepa. Masewerawa anayambira kwa asilikali a ku Sweden chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, mpikisano woyamba wa anthu wamba unachitikira ku Norway mu 1897, ndipo bungwe la International Orienteering Federation linakhazikitsidwa mu 1961. Kumaiko amenewo nyengo yoipa imatanthauza chisanu ndi chifunga. Mphunzitsi kapena mtsogoleri wa achinyamata amene akukonza mpikisanowu ku Chikwawa kapena ku Nsanje ali ndi nkhawa zina: madzi osefukira, mphenzi ndi kutentha. Chofunika kuposa zonse n'chakuti zigamulo zokhudza nyengo zipangidwe ndi kulembedwa tsiku la mpikisano lisanafike, chifukwa ana akafika kale pabwalo, miphika ya mpunga ili pamoto, alendo olemekezeka atakhala pamipando, palibe amene amalimba mtima kunena kuti tonse tibwerere kunyumba.

Yambani ndi kalendala. Miyezi ya Januwale mpaka Malichi ndi imene yabweretsa zoopsa zazikulu m'chigwa muno: madzi osefukira a mu Januwale 2015, namondwe wa Idai mu Malichi 2019, wa Ana mu Januwale 2022 amene anaononga damu la magetsi ku Kapichira, ndi wa Freddy mu Malichi 2023. M'miyezi imeneyi musatumize ana kutchire. Ngati teremu ya sukulu ikukukakamizani, mpikisano uthere mkati mwa bwalo la sukulu. Okutobala ndi Novembala ali ndi vuto lake, pakuti ku Ngabu, ku Nchalo ndi ku Nsanje kutentha kumatha kupitirira madigiri 40. Nthawi yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Komabe ambiri amakonza zochitika zawo mu Disembala kapena mu Epulo, pamene mvula imabwera mosalonjeza, ndipo malangizo otsatirawa ndi a masiku otere.

Madzi amene amavuta m'chigwa kawirikawiri sakhala a mvula yogwa pomwepo. Chigwachi ndi chotsika kwambiri, ndipo chimalandira madzi a kumapiri: Ruo amatsika nawo kuchokera ku Mulanje, mtsinje wa Mwanza umabwera nawo kuchokera kumtunda kwa boma la Mwanza, ndipo timitsinje ta ku East Bank timagwa molunjika kuchokera ku mapiri a Thyolo. Khwawa limene m'mawa munadutsa pamchenga wouma likhoza kudzaza masana dzuwa likuwala, chifukwa cha mvula imene inagwa usiku kutali kumene simunakuone. Pachifukwa ichi, pasakhale gawo lililonse la njira limene likufuna kuti munthu awoloke mtsinje kapena khwawa, ngakhale louma. Kumbukirani kuti pa masewerawa wothamanga amasankha yekha podutsa, choncho sikokwanira kuti njira imene inu mukuiganizira ndi yotetezeka. Ikani rula pamapu pakati pa mbendera ziwiri zilizonse zotsatizana, muone chimene mzere wowongoka ukudula, kenako mudzifunse kumene mnyamata wothamanga mwaphuma, amene waona mnzake patsogolo, angadutsire kuti afupikitse. Ngati yankho lake ndi m'khwawa, sunthani mbendera. Pamene kuwoloka n'kosapeweka, ikani mbendera pamlatho penipeni kuti aliyense akakamizike kudzera pamenepo, ndipo pakhale munthu wamkulu woyang'anira.

Malo oletsedwa amasonyezedwa pamapu ndi mizere yopingasa ya mtundu wa pepo, womwenso umagwiritsidwa ntchito pojambula chizindikiro cha ngodya zitatu cha poyambira, timizere tozungulira mbendera ndi mizere iwiri yozungulira pothera. Jambulani motero magombe onse a Shire, madambo olumikizana ndi Elephant Marsh, ngalande za m'minda ya nzimbe ndi maiwe otsalira madzi akaphwa, pakuti ng'ona zimatsatira madzi osefukira n'kutsalira m'malo amene chaka chatha munali chimanga. M'madzi oima mulinso likodzo. Ku Lengwe, ku Majete ndi ku Mwabvi musalowe popanda chilolezo cha oyang'anira malowo, ndipo kunena zoona, nkhalango ya njati si malo otumizako mwana yekhayekha ndi kampasi. Manda ndi nkhalango zopatulika, monga ya Khulubvi ku Nsanje kumene kuli kachisi wa Mbona, zikhale kunja kwa mapu. Kaonaneni ndi a nyakwawa mwamwambo wake masabata angapo tsikulo lisanafike, muwaonetse mapu, ndipo mupemphe kuti akupatseni abusa a ng'ombe awiri kapena atatu oyenda nanu. Iwo amadziwa pamene pamayamba kulowa madzi, pamene ng'ombe zimatitimira, ndi mwini munda wa thonje amene sangalole kuti mapazi 50 apondemo.

Mapu a m'chigwa amakalamba msanga. Dzinja limodzi lokha limatha kusuntha mtsinje, kukwirira njira ndi mchenga, kukumba chigwembe chatsopano ndi kusamutsa mudzi wonse, choncho zithunzi za setilaiti zimene mwazipeza pa intaneti zikhale poyambira chabe. Pulogalamu yaulere ya OpenOrienteering Mapper ikuthandizani kujambula, koma malo alionse amene mwaikapo mbendera mukawaponde ndi mapazi anu m'sabata ya mpikisano, osati mwezi wapitawo. Pamapu a sikelo ya 1:10,000 sentimita imodzi imaimira mamita 100, ndipo amenewa ndi oyenera kutchire. Pabwalo la sukulu gwiritsani ntchito 1:4,000, pamene sentimita imodzi ndi mamita 40. Popeza dziko lake ndi lathyathyathya, mizere yosonyeza kukwera kwa nthaka sithandiza kwenikweni, ndipo wothamanga amadalira zinthu zooneka: mlambe, chulu chachikulu, mjigo, mphambano ya njira, ngodya ya mpanda. Sankhani zimene zili pamalo okwererako. Mbendera yake, ya mbali zitatu, yoyera ndi yaolenji, ya masentimita 30 mbali iliyonse, imangidwe zolimba pachikhomo kuti mphepo isaiulutse.

Dothi la makande, limene lili ponseponse kuzungulira Ngabu, likufunika kuliganizira palokha. Likauma limang'ambika ming'alu yolowa phazi la mwana n'kumubinya. Likanyowa limamatirira ku nsapato, sitepe iliyonse likuwonjezera lina, mpaka munthu akunyamula mabuloko awiri a matope kumapazi, ndipo ambiri amavula nsapato n'kuyamba kuthamanga osavala pakati pa minga ndi ziputu za mapira. Mtunda umene munauyesa mphindi 30 tsiku louma ukhoza kutenga ola lathunthu. Galimoto imene mukuidalira kunyamula wovulala imatitimiranso pomwepo. Choncho njira ya tsiku lamvula idutse pamchenga kapena m'mbali mwa msewu wa miyala, ndipo mbendera iliyonse ikhale pamalo amene njinga yamoto, kapena anthu anayi onyamula machira, angafikepo mosavuta.

Konzani njira zitatu pasadakhale ndipo musindikize mapu ake onse: yathunthu, yofupikitsa imene yachotsa mbendera za kumunsi ndi zakutali, ndi ya pabwalo la sukulu pokha. Ine ndimakonda kuti ya tsiku lokayikitsa ikhale ya mtundu wa mapointi, pamene onse amapatsidwa nthawi yofanana, mwina mphindi 45, kuti afike pa mbendera zambiri monga angathere m'dongosolo lililonse, ndipo wochedwa amachotseredwa mapointi. Ubwino wake n'ngwakuti mumadziwa nthawi yeniyeni imene aliyense ayenera kukhala atabwerako. Kenako lembani papepala limodzi zimene zidzachititse kuti musinthe. Mwachitsanzo, ngati Dipatimenti yoona za nyengo yachenjeza za mvula yamphamvu kapena namondwe m'chigawo cha kum'mwera, kapena nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA yauza anthu kuti asamukire kumtunda, mpikisano walephereka, ndipo palibe zokambirana. Ngati kumtunda kwagwa mvula usiku, muthamanga njira yofupikitsa. Pa khwawa loyandikira kwambiri zikani ndodo yopakidwa penti yofiira pa msinkhu umene mwagwirizana ndi a komiti ya ngozi zogwa mwadzidzidzi ya m'mudzimo, ndipo madzi akakhudza pentiyo aliyense abwezedwe. Khalani ndi munthu wa foni kumtunda kwa mtsinje, amene mudzamuimbire madzulo a dzulo lake ndiponso m'bandakucha. Mphamvu yoimitsa mpikisano ikhale mwa munthu mmodzi, amene alibe ntchito ina tsikulo, ndipo mawu ake asatsutsidwe ndi aliyense, ngakhale amene wapereka ndalama za mphotho. Masukulu oitanidwa auzidwe m'kalata yoyamba yomweyo tsiku lina losinthira, komanso ola limene uthenga womaliza udzatumizidwe, makamaka ochokera ku Blantyre amene ayenera kutsika phiri n'kuwoloka mlatho wa Kamuzu, pakuti msewu wa M1 m'chigwa muno unadukapo kale ndi madzi.

Mphenzi ili ndi lamulo losavuta kuphunzitsa. Phokoso limayenda pafupifupi kilomita imodzi pa masekondi atatu, choncho mukaona kung'anima, werengani mpaka bingu limveke. Ngati simunafike pa 30, mphenziyo ili mkati mwa makilomita 10 ndipo onse ayenera kubisala, n'kudikira mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza. Pobisala ndi m'kati mwa nyumba yomangidwa bwino kapena m'galimoto yotseka, osati pakhonde, m'chisakasa kapena pansi pa mtengo. Pachidikha, mlambe kapena mgwalangwa woima wokha ndi umene mwana amathamangirako mvula ikayamba, ndipo ndi malo oipitsitsa. Sonyezani pamapu matchalitchi ndi makalasi amene eni ake avomera kuwatsekula, ndipo pa tsiku la mabingu mbendera iliyonse isatalikirane ndi pobisala. Oyang'anira adziwenso kuti munthu womenyedwa ndi mphenzi sasunga magetsi m'thupi, kotero agwiridwe ndi kuthandizidwa nthawi yomweyo.

Kutentha anthu a kuno amakupeputsa chifukwa anakuzolowera, koma kuyenda padzuwa kupita kumsika n'kosiyana ndi kuthamanga ola lonse m'thengo losadutsa mphepo. Oyamba anyamuke dzuwa likangotuluka, ndipo pofika 9 koloko m'mawa onse akhale atamaliza. Ikani madzi akumwa othira kolorini poyambira, pakati ndi pothera, pamodzi ndi mapaketi a ORS. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 ukutikumbutsa kuti ndowa imodzi yoviikamo kapu aliyense siyoyenera, pakhale ya mpopi. Wothamanga amene akudzandira, akulankhula zosamveka kapena sakudziwa kumene ali aikidwe pamthunzi, athiridwe madzi thupi lonse ndi kukupiziridwa, kenako apite kuchipatala mwachangu. Ngati wakomoka asamwetsedwe kanthu. Mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo kapena odzipereka a Red Cross akhalepo kuyambira pachiyambi, ndipo chipatala choyandikira chidziwitsidwe.

Za zipangizo, mfundo zake n'zochepa. Mapu asindikizidwe pa makina a laser, chifukwa inki ya makina ang'onoang'ono a m'nyumba imasungunuka ndi dontho limodzi la mvula kapena thukuta, mtsinje wabuluu n'kusanduka banga. Kenako aikidwe m'pepala lapulasitiki loonekera n'kumata. Makadi amene wothamanga amaboola pa mbendera iliyonse posonyeza kuti wafikapo akhale olimba, omangiriridwa pamkono ndi chingwe. Aliyense avale nsapato zotseka ndipo anyamule wezulo. Wovulala kapena wosochera aimbe kasanu ndi kamodzi, apume mphindi imodzi, n'kubwerezanso. Pansi pa mapu lembani nambala ya foni ya wotsogolera ndi chiganizo chimodzi chouza wosochera kolowera, monga chakuti alunjike kumadzulo mpaka atapeza msewu waukulu. Mbali imeneyo isakhale yoloza kumtsinje. Ana aang'ono ndi oyamba kumene ayende awiriawiri.

Pomaliza pali kaundula. Aliyense wonyamuka alembedwe dzina, sukulu, njira yake ndi nthawi, ndipo auzidwe mobwerezabwereza kuti ayenera kudzaonekera pothera ngakhale atasiyira panjira. Vuto lodziwika ndi la mwana wa m'mudzi womwewo amene mvula ikamupeza pafupi ndi kwawo amangolowa m'nyumba n'kukhala pamoto, pamene akuluakulu akumufunafuna m'mabango mpaka mdima. Gwirizanani za chizindikiro choitanira onse, monga belu la sukulu lolizidwa mosalekeza, ndipo muliyese kuti mudziwe ngati likumveka pa mbendera yakutali kwambiri. Kumene silikufika, oyang'anira a njinga akalengeze. Nthawi yotseka ikakwana ndipo dzina lina silinachongedwe, funsani anzake kumene anamuona komaliza, tumizani munthu kwawo, ndipo ofufuza apite awiriawiri ndi foni, atalembedwa nawonso m'kaundula yemweyo. Ngati madzi ayamba kukwera, mbendera zisiyidwe kutchire komweko. Zikatoledwe tsiku lina madzi ataphwa.