Kuthana ndi udzudzu wa malungo pakhomo panu

Kuno ku Chikwawa udzudzu ndi mbwee, koma si wonse umene umabweretsa malungo. Uja woswana m'zimbudzi ndi m'ngalande zonunkha ndi Culex, sufalitsa malungo ngakhale umasowetsa tulo. Wa malungo ndi Anopheles, ndipo umene umaluma ndi waukazi wokha, pofuna magazi okhwimitsira mazira.

Kuuzindikira n'kosavuta. M'mawa walitsani tochi pakhoma kuseri kwa bedi. Anopheles umatera mutu uli pansi, kumbuyo kutaloza m'mwamba. Mphutsi zake zimagona chopingasa pamwamba pa madzi, pamene za Culex zimalendewera chozondoka.

Zoswanira zake si madzi auve ayi. Mtundu wa Anopheles wotchedwa gambiae umakonda zithaphwi zoomba dzuwa: maenje oumbira njerwa, mikwingwirima ya ngolo, ngakhale pamene paponda ng'ombe. Dzira limasanduka udzudzu wouluka m'masabata osapitirira awiri, choncho ine Loweruka lililonse m'dzinja ndimazungulira ndi khasu kukwirira. Mtundu wina wotchedwa funestus umaswana m'madambo a udzu, ndipo n'chifukwa chake malungo satha ngakhale m'chilimwe. Dambo simungalikwirire, ndiye zonse zatsalira pa neti.

Pa neti m'pamene ndinapusa. Mwana wanga wachiwiri anadwala tili nayo neti yatsopano, ine n'kumati mwina ndi yabodza. Kenako usiku wina ndinamupeza atagudubuzika, mwendo utagunda neti, udzudzu utatu ukuyamwa kuchokera kunja. Kuyambira pamenepo ndimaimanga ngodya zonse zinayi kuti itambasuke, ndimaipinira pansi pa mphasa mbali zonse, mwana agone pakati. Yatsopano muyambe mwaiyanika pamthunzi tsiku lathunthu, apo ayi imayabwa kumaso. Pochapa, sopo wamtanda ndi madzi ozizira, osaifikisa mwamphamvu, n'kuyanikanso pamthunzi poti dzuwa limapha mankhwala a mu netimo. Kabowo kolowa chala musoke tsiku lomwelo. 

Thupi la mwana likatentha, musayambe ndi panado wa m'golosale n'kumadikira. Pitani akamuyeze magazi tsiku lomwelo. Akakupatsani mankhwala a malungo a LA, ndi kawiri pa tsiku kwa masiku 3, atadya kaye, ndipo amalize ngakhale ayambe kusewera pa tsiku lachiwiri. Mufunsenso za katemera wa malungo wa ana, amene anayamba kuperekedwa m'Malawi muno mu 2019.