Mantha pa Chiwongolero cha Thiraki: Chitani Izi

Mwafunsa kuti mwangoyamba kumene kuyendetsa thiraki, ndipo mukangotuluka mu Chipata kulowera ku Lusaka manja amanyowa thukuta, mtima uli thi thi thi. Achimwene, zimatheka kuwachepetsa manthawo.

Choyamba, musanalize injini zungulirani galimoto yonse: matayala, mapaipi a mpweya opita ku ngolo, zingwe zomangira katundu, magalasi. Kenako lizani injini, dikirani mpweya wa mabuleki ukwanire mpaka nyali yochenjeza izime.

Chachiwiri, musaganize za makilomita oposa 550 onse nthawi imodzi. Lingalirani za Katete basi. Mukafika, Petauke. Kenako Nyimba.

Chachitatu, ndipo apa ndiye pamaopsa ambiri, ndi mapiri ndi makhota a pakati pa Nyimba ndi mlatho wa Luangwa. Lowani giya yaing'ono musanayambe kutsetsereka, osati muli pakati pa chitsetse. Gwiritsani ntchito buleki ya injini, yomwe imachepetsa liwiro ndi injiniyo m'malo mwa mabuleki a kumatayala. Kupondereza buleki ya phazi mosalekeza kumatenthetsa mabuleki mpaka amasiya kugwira. Mukamva fungo lakupsa, imani pamalo otakasuka, ikani zikwangwani zanu zamakona atatu, mabulekiwo azizire. Ine ndimakonda kudutsa pamenepa kukali kowala.

Mantha akakugwirani mukuyenda, chepetsani liwiro, masulani mapewa, kokani mpweya mukuwerenga mpaka 4, tulutsani mukuwerenga mpaka 6. Maso patali, osati pamphuno pa galimoto, kuti muone njinga ndi mbuzi msanga.

Basi ikakuimbirani hutala kumbuyo, isakuthamangitseni, ipeza pokudutsirani.

Ngati tulo sitikubwera kwa milungu ingapo chifukwa cha manthawa, kaonaneni ndi adokotala, ndipo pemphani dalaivala wakale akhale nanu pambali maulendo awiri kapena atatu oyambirira.